Khoma la a Levulo

"Ndikufunsani kachitatu tsopano, bambo a mwana. Khoma ili mukumangira chiyani?"

"Khoma amamangira chiyani? Munayamba mwamufunsa telala chimene akusokera malaya?"

Telala wake ndinali ine. Ndimasokera pakhonde, khomo loyandikana ndi lawo, ndipo makina anga ali ndi khalidwe loipa lomaima okha kwa aneba kukabuka mkangano. M'mawa umenewo anaima.

Aneba anga aamunawo ndi mmisiri womanga nyumba. Tonse timawatchula a Levulo, chifukwa levulo yawo, chida choyezera kuwongoka kwa khoma, siichoka m'manja. Ngakhale mpando amayamba auyeza asanakhalepo. Tsikulo linali Lamulungu, koma iwo anali atagwada kuseri kwa nyumba yawo, akuyala njerwa zowotcha mizere iwiriiwiri, ndi simenti wambiri ngati akumanga ndende. Khomalo silinalunjike ndi nyumba. Linali lopingasa, lokhotera kumanzere, kumene kamsewu kathu kamayambira kutsetsereka.

"Ine si mwana," anatero akazi awo, khanda lili kumsana. "Kumtunda uko mwaboola mpanda wa abwana anu, mwaikapo paipi yoti mbuzi ikhoza kulowamo. Kukamwa kwake kwaloza nyumba yathu. Lero mukumanga khoma lokhota. Madzi akatuluka m'paipimo, akagunda khoma lanuli, apita kuti?"

"Apita kumene amapita madzi."

"Kuti?"

"Kumunsi."

"Kumunsi kuli ndani?"

A Levulo anaika levulo pa njerwa nkumaiyang'anitsitsa, ngati yankho linali m'kadontho ka madzi ka m'kati mwakemo.

Kumunsi kunali mchimwene wawo wa mayiwo, wosoka nsapato. Kamsewu kathu nkopanikiza, nyumba uku ndi uku, ndipo kamathera pakhomo pake penipeni. Bambo ameneyo anali wopuwala miyendo, ankayenda ndi ndodo ziwiri. Nyumba yake inali ya zidina, ndipo polowa unkatsika masitepe awiri.

Kumtunda kwa kamsewuko kunali bwalo lalikulu la udzu ndi mitengo, limene linkamwa mvula yonse popanda ife kulithokoza. Chaka chimenecho munthu wina wa malole analigula. Anagwetsa mitengo, anamanga nyumba yosungiramo katundu ya denga lalikulu ngati bwalo la mpira, malo otsalawo nkuwaka ndi simenti kuti malole aziimapo. Woyang'anira ntchito yonseyo anali a Levulo. Ndipo simenti samwa madzi, izi ngakhale telala amadziwa.

"Amayi, mvetserani," anatero a Levulo, mawu atawatsitsa. "Khonsolo ili ndi lamulo. Munthu akamanga, asatumize kwa aneba madzi oposa amene ankapitako kale. Ndiye pa pulani pali dzenje lalikulu. Madzi azisonkhana m'menemo, nkumatuluka pang'onopang'ono. Paipi mukuiopayo izingodontha."

"Dzenjelo lilipo?"

"Lilipo."

"Ngati lilipo, khoma ndi lachiyani? Galu wamkota sakandira pachabe."

"Nyumba ino ili pamutu pa khwawa lakale, mukudziwa. Popanda khoma, madzi alowera khomo lakuseri, atulukira lakumaso, ndiye atsikira m'khwawamo mpaka kumtsinje. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuimanga ndi manja angawa. Mukufuna mtsinje uzidutsa pabalaza?"

"Ndiye mwavomera nokha kuti kukubwera mtsinje."

"Sindinatero."

"Pakamwa panu sipanatero. Khoma lanu latero."

Patapita masiku anayi kunagwa kamvula koyamba, kongothira fumbi. Koma paipi ija inalavula madzi ofiira, anagunda khoma la a Levulo, anakhota bwinobwino monga mwini khoma anayezera, nkutsika m'kamsewu mwathu ofika m'akakolo. Tonse tinaona, ndipo tonse tinamvetsa. Mukuganiza kuti tinapita kukhonsolo? Tinapita kukasaka matumba. Aliyense anadzaza mchenga nkuyala pakhomo pake, kuti madzi apitirire kwa mnzake wakumunsi. Ine ndinaika asanu ndi limodzi, osokedwa bwino pa makina. Pofika Loweruka kamsewu konse kanali ngalande yosalala, yopanda poti madzi nkupatukira, kuyambira pakhoma lija mpaka pachitseko cha wosoka nsapato. Ndikunena zimenezi ndi manyazi.

Tsiku la kamvulako ndinatsikirako kukasiya nsapato yanga yoduka chingwe. Ndinapeza wosoka nsapatoyo atakhala pa sitepe, akukapa madzi ndi chitini.

"Atelala, mwaona? Nsapato za makasitomala zayamba kudziyendera zokha m'nyumba muno. Posachedwa ndikhala pa ulova."

Tinaseka. Kenaka anayang'ana kumtunda, chitini chili m'manja.

"Koma mvula yake ndi iti? Kale yotereyi inkathera konko."

Sabata yachiwiri a Levulo anaiwala chakudya chawo chamasana. Akazi awo anawapititsira kuntchito, ndipo ndinawaona akubwerera nacho chimangire. Sanandipatse moni. Anakhala pakhonde pawo mpaka amuna awo atafika, dzuwa lisanalowe.

"Dzenje lanu ndaliona."

"Mwalowa bwanji kumene kuja?"

"Ndi miyendo. Mlonda amandidziwa. Ndakupezani mutagwada, burashi ili m'manja, mukupaka penti wakuda pansi pa kadzenje koti ngakhale mwanayu sangasambiremo. Simunandione. Munali pa ntchito yaluso."

"Tsitsani mawu."

"Nditsitse kuti asamve ndani? Atelala amva kale, makina aima."

Ndinapondaponda makinawo mwachangu, koma m'singano munalibe ulusi.

"Tinalikumba dzenjelo," anatero a Levulo. "Tinalikumba lakuya kuposa nyumba ino. Abwana atabwera anati likudya malo a malole asanu ndi atatu, tilikwirire. Tinasiya kakang'onoko ndi chivundikiro chachitsulo pamwamba. Mawa kukubwera woyendera wa kukhonsolo. Tithiramo madzi. Akatsegula aona mdima, aganiza kuti nkwakuya."

"Nzeru imeneyo ndi ya ndani?"

Mayiwo anadziyankha okha.

"Ndi yanu. Abwana anu sadziwa kugwira burashi."

"Ndikanakana, mawa pakanakhala mmisiri wina, penti wake yemweyo. Ine ndikanakhala pano kumakuyang'anani m'maso. Mwanayu akanadya chiyani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, amayi. Munthu uja ndi amene amatidyetsa."

"Woyenderayo akabwera mawa, muwauze."

"Ndiwauze kuti ndapaka ndine?"

"Muwauze kuti madzi saiwala khwawa. Inu mwawaiwalitsa, mwawalozera kwa achimwene."

"Khwawa lake ndi ili tagonapoli! Mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Ndikufuna dzenje likumbidwe. Likapanda kukumbidwa, gwetsani khomalo. Bola madzi awononge mipando kusiyana ndi kumiza munthu. Mpando amagula wina. Achimwene anga mukawagula kuti?"

"Alamu abwere adzakhale nafe kuno."

"Mukawauze nokha. Mukawauzenso chifukwa chake."

Woyenderayo anabweradi, mayi wa magalasi, pa galimoto ya khonsolo. Anamutsegulira chivundikiro, anasuzumira, anaona madzi akuda bii, anasaina pepala lake. A Levulo anaima pambali pake atagwira chivundikirocho, pakamwa ali tseke. Zimenezi anaulula okha madzulo ake, atafunsidwa kawiri. Akazi awo sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mkangano. Analowa m'nyumba, nkutuluka ndi chikwama, beseni ndi bulangete la mwana.

"Mukupita kuti?"

"Kwa achimwene. Ine ndi mwana tizigona kumeneko mpaka mvula itatha."

"Mwapenga? Mukukaika mwana wanga pangozi!"

"Ngozi yanji, bambo a mwana? Dzenje lilipo. Khonsolo yasaina. Paipi izingodontha, munatero nokha." Anasenza chikwama. "Madzi amene ali abwino kwa achimwene ndi abwinonso kwa ife. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mwina tsopano mumva."

Anatsika kamsewu pakati pa matumba athu a mchenga, ife tikuyang'ana m'mazenera.

M'mawa mwake a Levulo anatsikirako. Ine ndinali komweko, ndikufunsa za nsapato yanga, imene ndinkadziwa bwino kuti sinathe.

"Alamu," anayamba motero ataima pa sitepe, "tiyeni mukakhale kwathu dzinja lino. Chipinda chilipo."

Wosoka nsapato sanadzutse mutu msanga. Anamaliza kukoka ulusi, naudula ndi mano.

"Alamu, mtunda uja ndi ndodo izi? Nanga makasitomala akamandifuna muziti ndapita kutchuthi? Nyumba ino ndiye munda wanga. Ndikaisiya ndasiya zonse."

"Nkwa miyezi itatu yokha."

"Mlongo wanga wandiuza za penti. Musachite manyazi, sindikukwiyirani, munthu amateteza chake. Koma akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Inu mwabwera ndi lumo kuti mundimete. Motowo muusiya ukuyaka?"

"Ndikufuna kukupulumutsani."

"Ndikachoka ine, madzi agwetsa nyumba ino, apitirira kwa awa ali kuseri kwangawa. Ali ndi ana anayi. Iwonso muli nacho chipinda chawo?"

A Levulo anayang'ana mwana wawo, amene ankasewera ndi chidendene cha nsapato pamkeka. Anayang'ananso makoma a zidina, kuyambira pansi mpaka kudenga, ndi diso la mmisiri. Nkhope yawo inandiuza zimene anaona.

"Ndipatseni sabata imodzi. Ndilankhula ndi abwana."

"Mukalankhulenso ndi mitambo, alamu. Mwina inuyo ikumverani."

Sabata inatha, ina inayamba. Kunatentha koopsa, kutentha kwake kokhala ngati wina wakuvundikira ndi bulangete lonyowa. Masana aliwonse mitambo inkaunjikana kuseri kwa denga lalikulu lija, yakuda ngati pansi pa poto, mabingu nkugunda chapatali, kenaka nkubalalika. Nyerere zinkakwera makoma zitanyamula mazira. Tinawonjezera matumba. A Levulo analankhuladi ndi abwana awo, ndipo anayankhidwa kuti pageti pali amisiri ambiri ofuna ntchito. Kawiri konse ndinawaona ataima pakhoma lawo ndi nyundo yaikulu. Ankalisisita ndi chikhatho, nkuyang'ana nyumba yawo, mazenera ake owongoka, khonde lake losalala, kenaka nkukabwezera nyundoyo m'nyumba.

"Aneba," ndinawaitana tsiku lina, "tsoka silinunkha."

"Mawa, atelala. Ndiona mawa."

Mvula inabwera Lachitatu, cha m'ma fili koloko masana. Kunada moti ndinasiya kuona singano. Mphepo inaleka, mbalame zinaleka, kenaka kumwamba kunang'ambika. Pamalata panali phokoso loti munthu sungamve mawu ako omwe. Koma pansi pa phokosolo ndinamva lina, lolemera, ngati lole ikutsitsa miyala. Inali paipi ija. Siinkadontha. Madzi ankatuluka odzaza kukamwa konse, nkuuluka mpaka kukamenya khoma la a Levulo, nkukhota onse, osatayika ndi dontho lomwe. Kamsewu kathu kanasanduka mtsinje. Ndinaona beseni likudutsa, kenaka chitseko cha chimbudzi cha munthu, kenaka nkhuku.

A Levulo anatulukira akuthamanga kuchokera kuntchito, opanda chipewa. Analumphira m'kamsewumo kuti atsike kwa alamu awo. Madzi anawafika m'chiuno, anawagwetsa, anawakokera mpaka pa matumba anga. Ndinawagwira kolala. Anadzuka magazi ali pamphumi, anayang'ana kumunsi kumene sikunkaoneka kanthu, nkukwawira m'nyumba mwawo. Anatuluka ndi nyundo ija.

Anamenya khomalo koyamba. Nyundo inadumpha. Anamenya kachiwiri, kachitatu, kakhumi. Panangotuluka tizibenthu. Mmisiri wina aliyense m'tauni muno akanaba simenti theka, khoma lake likanagwa ndi chidendene. Koma ili linali khoma la a Levulo, mizere iwiriiwiri, mawaya m'kati, lothiriridwa madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu kuti likhwime.

"Thandizeni!" anakuwa. "Anthuni, thandizeni! Mwana wanga!"

Amuna atatu anatuluka, wina ndi piki, wina ndi chitsulo cha galimoto. Ankamenya mosinthana, madzi akuwakankha. A Levulo ankalira poyera, akutukwana khoma lawo lomwe. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndikudziwa kuti ndinapemphera pemphero limodzi lomwelo mpaka linatha tanthauzo. Pomaliza chigawo chapakati chinapendama nkugwa. Madzi anawongoka. Anathyola chitseko chakuseri cha a Levulo, anadutsa pabalaza, anatulukira kumaso atanyamula mipando ndi matiresi, nkugwera m'khwawa lawo lakale ngati sanachokemo. M'kamsewu mwathu madzi anayamba kuphwa.

Tinatsika tikugwira makoma. Masitepe awiri aja sankaoneka. M'nyumbamo madzi anali m'chifuwa, nsapato zikuyandama ponseponse. Mayi aja anali ataimirira pa tebulo losokerapo nsapato, mutu utagunda denga, mwana atamukweza paphewa. Mwanayo ankalira, ndipo sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

"Alamu ali kuti?" anafunsa a Levulo.

Mayiwo analoza pansi ndi maso.

Tebulolo linali la miyendo yogwedera. Madzi atalowa, wosoka nsapato anakweza mlongo wake ndi mwana pamwamba, iye nkukhala pansi, msana kukhoma, manja atakumbatira mwendo wa tebulo kuti lisatengedwe. Zidina zitamwa madzi, khoma la kumsana kwakelo linasungunuka nkumugwera. Titamufukula, manja ake anali asanausiye mwendowo. Tinachita kumasula chala chimodzichimodzi.

A Levulo anatambasula manja kuti alandire mwana. Zikhatho zawo zinali zong'ambika, magazi okhaokha. Akazi awo anaziyang'ana, nkundipatsira ine mwanayo.

"Munamanga bwino, bambo a mwana," anatero motsitsa. "Linali lolimba."

Titaika maliro, mayi wa magalasi uja anabweranso, ndipo ulendo uno kamsewu konse kanamutsatira mpaka pageti. Abwana a malole analipo, nsapato zawo zili mbee. Analankhula mwachifundo. Anati apepesa kwambiri, koma anthu akumunsi amataya zinyalala m'ngalande ndipo amamanga paliponse. Iwo mbali yawo anatsata lamulo, pepala lilipo, dzenje lilipo.

"Lilipodi," anatero a Levulo.

Palibe anawaitana. Anadutsa pakati pathu, anagwada, anakoka chivundikiro chachitsulo chija. M'katimo munali madzi akuda, odekha, ooneka ngati alibe polekezera. Anapinda malaya, nalowetsa dzanja. Chikhatho chinagunda pansi madzi asanafike m'chigongono. Anapala pansipo ndi zikhadabo, natulutsa dzanja, nalionetsa kwa mayiyo. Linali ndi penti wakuda.

"Ndinapaka ndine, mayi. Burashi ikadali m'nyumba yosungiramo katundu umo. Lembani dzina langa poyamba, la abwana pachiwiri."

Mayiyo anavula magalasi. Dzina lachitatu ankalidziwa, linali lake lomwe, poti anasaina pepala lija ndi iye.

"Kuti mukumbe dzenje lenilenilo," anafunsa, "zitenga masiku angati?"

"Kuswa simenti, kukumba, kuwaka. Masabata anayi, tikayamba lero."

"Lero sizingatheke. Mpaka nkhaniyi ikambidwe kaye ku ofesi."

Kuseri kwa denga lalikulu lija mitambo inali itayamba kale kuunjikana, ndipo bingu linagunda kamodzi, chapansipansi. Akazi a a Levulo anamanga mwana kumsana nkutembenuka osayang'ana amuna awo. Ife tinatsika msangamsanga, aliyense kwawo.

Nsapato yanga ija inapezeka m'matope kuseri kwa nyumba yakugwayo, chingwe chake chitasokedwa kale, ulusi wake wowongoka. Sindinaivalebe. Ili pakhonde, pafupi ndi makina, pamwamba pa matumba anga a mchenga, amene mpaka lero sindinawachotse. Kumunsi tsopano kwatsala nyumba ya ana anayi ija.